Khonde Lanu Lalowa mu Filime

Amayi anga, mwadzuka bwanji uko muliko? Ife kuno ku Moatize tadzuka, kungoti fumbi ndi lomwe lija munalisiya. Ndakhala pansi kuti ndikulembereni chifukwa nkhani yandidzadza m'kamwa, ndipo bambo a Telma atopa nayo. Akuti ndawafotokozera kasanu pomwe iwo analipo ndipo anaona ndi maso awo. Inu kuwerenga simunkadziwa, inenso zilembo zanga ndi za kalasi yachitatu, koma ndikhulupirira kuti kumeneko alipo wina woti akuwerengereni modekha.

Ndiyambe ndi za pakhomo. Chitsirizira wanu Anjelina wabereka mwana wachinayi, wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu la ubatizo, Roza. Ndi wonenepa, salira kwambiri. Ine kusalira kwakeko kunandidetsa nkhawa mpaka ndinauza Anjelina kuti apite naye kuchipatala, koma iye anangondiseka. Chimanga chaka chino ku Zobwe chinachita bwino, nkhokwe yadzadza. Mbatata ya kachewere ndiyo inaola ndi mvula yomaliza. Mbuzi yanu ya mawanga ija inafa ndi ukalamba, koma yasiya zidzukulu zosamva ngati iyo yomwe.

Bambo a Telma akadali ku mgodi wa malasha ku Chipanga, akuyendetsa kamiyawu, galimoto yaikulu ija yothira madzi m'misewu kuti fumbi lichepe. Masiku ena amatsokomola. Akatsokomola kamodzi ine mtima uli m'mwamba, ndayamba kale kuganiza za chipatala cha ku Tete. Ndikatero ndimamva mawu anu aja: "Luzia, iwe umalira maliro munthu asanadwale n'komwe. Khala pansi, umwe madzi." Madziwo ndimamwa, Amayi, koma nkhawa siitsika nawo.

Tsopano nayi nkhani yeniyeni. Mdzukulu wanu Telma, uja munamusiya akuthothoka mano, ndi namwali wamtali kundiposa, ndipo ali m'kalasi yomaliza. Wapanga filime. Filime yeniyeni, Amayi, yoyenda ndi yolankhula, ngati zija munkakana kuonera kuno poti anthu ake amathamanga kwambiri. Ndipo inu mulimo.

Zinayamba chonchi. Apulofesa awo anawagawa atatuatatu, gulu lililonse lipange filime ya mphindi khumi. Amene sapereka, phunziro limenelo walephera, ndipo chaka abwereza. Kamera ya pashikola ndi imodzi yokha, imazungulira magulu onse, gulu lililonse masiku awiri basi. Gulu la Telma linagwera Loweruka ndi Lamlungu, Lolemba m'mawa kamera ibwerere. Anzake awiriwo ndi Sonya, wogwira kamera, mwana wa Chinyungwe wosalankhulalankhula, ndi Benvinda, wochita sewerolo, amene pakamwa pake sipapuma.

Mwezi wathunthu pakhomo pathu pano, m'dera lino lotchedwa 25 de Setembro, panali ngati pa ofesi. Telma anagula kope n'kujambulamo timabokosi, m'kabokosi kalikonse kamunthu ka timitengo: apa akutsika shapa, minibasi zathu zija, apa akuyenda m'njira, apa waima. Ankawerengera dzuwa, kuti nthawi yakuti likhala mbali iti. Ankakangana za diresi loti Benvinda avale. Ine ndinali ndi zanga. Kamera ikagwa? Shapa ikachita ngozi? Moto wake ukatha pakati pa ntchito? Ndinadula bulangeti lakale n'kuisokera thumba lake lochindikala, ndipo Sonya anati ngakhale khanda silifundidwa chotero.

Tsiku lina ndikuchapa ndinafunsa kuti, "Kodi nkhani yake ndi yotani?"

Telma anati, "Ndi ya mtsikana wobadwira kuno kumalasha. Akupita kumudzi kukaona nyumba ya agogo ake, ndiye akuipeza yotseka, yosiyidwa, palibe woisamala."

Ndinati, "Nanga nyumba yotero mukaipeza kuti?"

Anati, "Ya agogo, mama. Titiya Anjelina ananditumizira chithunzi pa telefoni. Ili ndendende momwe tikufunira."

Sopo anandipulumuka m'manja. Amayi, apa ndiyenera kukuuzani zomwe mwina mukuzidziwa kale. Titakuikani, akuluakulu ena anati nyumba igwetsedwe monga mwa mwambo, poti mwini wake wapita. Ine ndinakana ndikulira. Ndinati malata aja anagula ndi bambo a Telma ndi malipiro awo oyamba a kumgodi, ndipo ine ndizibwera kudzasesa ndi kuzira khonde chaka ndi chaka. Anandimvera. Zaka khumi zinapita, sindinapondepo. Ndikapita ku Zobwe ndinkafikira kwa Anjelina, n'kumadzera njira ya kumsika kuti ndisaione. Ndinkaopa chitseko chotseka chija. Chaka chilichonse chikapita, mantha ankakula ndipo manyazi ankakula nawo.

Loweruka lija tinakwera shapa yoyamba, kamera ili pamiyendo panga, ndaikumbatira. Titayamba kukwera mapiri mphepo yozizira inalowa pazenera, ndipo Sonya, amene sanapiteko kumtunda chibadwire, anayamba kunjenjemera mpaka ndinamufunditsa nsalu yanga ya kapulana. Atsikana ankaimba. Ine ndinkawerenga Tikuoneni Mariya pa kona iliyonse.

Nyumba yanu tinaipeza. Udzu wouma unafika m'mawondo pabwalo ponse. Khonde lanu linang'ambika ngati chidendene cha m'chilimwe, mbuzi zinasandutsa pogona. Chiswe chinakwera chitseko mpaka pa loko, akangaude anatchinga zenera. Koma Telma anaomba m'manja, nkhope ili ngwee.

Anati, "Sonya, taona kuwala kwake pakhomapo. Mama, chonde, musakhudze kanthu. Ngakhale kaudzu kamodzi."

Mawu amenewo ananenadi, Amayi, sindingamunamizire. Ine ndinamva ngati akunena za tsiku lomwelo.

Ntchito ya filime ndi yodabwitsa. Benvinda anatsika kanjira ka kumpanda kaja kasanu ndi kanayi, chikwama chili kumsana, ndipo ulendo uliwonse Telma ankati abwerezenso. Mwina wayenda mofulumira, mwina tambala walira pakati, mwina mwana wa eni ake wasuzumira. Chotolera mawu anachimangirira kunsonga ya nsungwi, ndipo woigwira analibe, ndiye anagwiritsa Anjelina. Iye atatopa anati, "Ine ndinazolowera khasu. Izi zoimika nsungwi m'mwamba ngati ndikugwetsa mapeyala, peyala lake osagwa, ayi ndithu." Koma sanaitule. Ndipo mukanamuona Telma, Amayi. Akakweza dzanja anthu onse ankakhala chete, ngakhale amuna akuluakulu amene anabwera kudzaonerera. Ine chifuwa chinatukuka, ndinaiwala pang'ono za udzu uja.

Amene anandikumbutsa ndi anzanu aja a Kilara, a kutsidya kwa mtsinje. Akalamba, akuyendera ndodo. Anandipatsa moni bwinobwino, n'kuyang'ana khonde nthawi yaitali.

Anati, "Luzia, pakhonde ili tinkayanikapo ufa popanda mphasa."

Ndinati, "Ndi zoona, amayi."

Anati, "Ndiye zimene akujambulazi akazionera kuti?"

Ndinati, "Ku Moatize, pakhoma la shikola. Makolo onse adzabwera."

Anangoti, "Oho," n'kutembenuka. Koma "oho" ameneyo anandilowa ngati munga.

Dzuwa linabisala kuseri kwa phiri ntchito isanathe. Telma anatsegula kope lake n'kunena kuti theka latha, theka mawa, malo omwewo, diresi lomwelo. Pomwe analekezera, Benvinda anali atafika pakhonde n'kukweza phazi kuti akwerepo.

M'mawa mwake Anjelina anati palibe filime Misa isanachitike, n'kuwatenga atsikana onse kutchalitchi. Ine ndinati mutu ukundipweteka. Atangokhota, ndinatenga khasu, tsache ndi ndowa. Mumtima ndinkati, dzulo ajambula manyazi anga, lero ajambuleko nyumba ya munthu. Ndinkaona ngati ndikumuthandiza mwana.

Ndinalambula bwalo lonse n'kutentha udzu kuseri. Ndinagwetsa chiswe ndi akangaude. Kenako ndinatsikira kudambo, pamalo paja munkakumba mtsiro wakuda, ndipo dzenje lanu likadalipo. Pobwera ndinapisa dzanja pamwamba pa khoma, pansi pa malata, osaganiza n'komwe, ndipo nkhulungo yanu inali pomwepo, mwala wanu wosalala uja, ndi pomwe panadyeka ndi chala chanu chachikulu. Ndinagwada n'kuyamba kuzira. Manja ankangodziwa okha. Sindinagwirepo ntchito mofulumira chotero, ndipo sindinakondwepo chotero chikuikireni.

Pomwe ankabwera kuchokera ku Misa, kumaso konse kunali kutatha, kukunyezimira, mkombero wofiira ndaika kale m'mphepete. Ndinaimirira matope ali m'zigongono, ndikumwetulira, kudikira kuti andiyamike.

Sonya anaika kamera pansi pang'onopang'ono. Telma anayang'ana bwalo, anayang'ana khonde, anandiyang'ana ine.

Anati, "Mama, mwachita chiyani?"

Ndinati, "Ndakonzako pang'ono, kuti anthu asatiseke."

Sanakweze mawu. Anatenga kamera n'kundionetsa pa kagalasi kake za dzulo: udzu, ming'alu, phazi la Benvinda lili m'mwamba.

Anati, "Taonani. Apa wakweza phazi pakhonde losweka. Lero akalitsitsa, liponda pakhonde latsopano. Phazi limodzi, mama. Anthu adzati udzu wapita kuti pakati pa kukweza phazi ndi kulitsitsa?"

Pamenepo m'pamene ndinamvetsa. Filime amaisoka ngati nsalu, chigamba cha dzulo ndi cha lero ziyenera kufanana. Ine ndinali nditang'amba pakati penipeni, ndipo kamera inali yobwerera m'mawa mwake. Ndinaona mwana wanga akubwereza chaka chifukwa cha tsache langa.

Ndinati, "Tibwezere zinyalala. Ndikatenga phulusa ndi mapesi."

Anjelina anati, "Ine ndikakusa mbuzi zidzagonepo, sizichedwa kuononga."

Benvinda anati, "Nanga udzu, titiya? Tiudzalenso ndi kuuuza kuti uume msanga?"

Palibe anaseka. Telma anapita kukakhala pansi pa mtengo wanu wa mapichesi, kope lili pamaondo, nkhope wabisa. Ndinaima kanthawi, kenako ndinamutsatira n'kukhala pambali pake. Amayi, mwana ameneyu sindinamuuzepo zakukhosi kwanga, ndimangomuuza kuti avale juzi ndi kuti asachedwe. Tsiku limenelo ndinamuuza zonse: za akuluakulu amene ankafuna kugwetsa nyumba, za lonjezo langa, za njira ya kumsika, za "oho" wa a Kilara. Ndinati, "Iwe ukuona nyumba yokomera filime. Ine ndikuona amayi anga atakhala pa anthu osasamba, ndipo wosawasambitsayo ndine."

Telma anapukuta m'maso, n'kumangoyang'ana khonde. Dzuwa linali litaligunda cham'mbali, ndipo mizere ya nkhulungo inkaoneka yonse, yozungulira, wina pamwamba pa unzake ngati mamba a nsomba.

Anati, "Mizere imeneyo munaiphunzira kuti?"

Ndinati, "Kwa agogo ako. Mudzi uno wonse palibe wina ankazira chotero."

Anati, "Mwamaliza konse?"

Ndinati, "Kwatsala mbali ya kum'mawa. Ndikanamaliza, koma Misa yatha msanga."

Anaimirira ngati walumidwa ndi linthumbu. Anang'amba masamba anayi a m'kope lake, timabokosi ta mwezi wathunthu, n'kuitana anzake. Anayankhulana Chipwitikizi chothamanga, manja akuuluka, Sonya akugwedeza mutu. Kenako anabwera kwa ine.

Anati, "Nkhani yasintha. Mtsikana wapeza nyumba yosiyidwa, zimenezo tili nazo. Phazi lija tilidula. Kukucha, akupeza mayi ake abwera, akuzira. Mayi akewo ndinu."

Ndinati, "Ine? Ndi matope awa? Ndi mano anga awa? Ndikaona kamera lilime limauma."

Anati, "Sitikufuna nkhope, mama, tikufuna manja. Musalankhule, musatiyang'ane. Ingomalizani mbali yatsalayo."

Ndinagwada. Sonya anagona chafufumimba pafumbi ndi diresi lake la ku Misa. Telma anauza Benvinda kuti agwade pambali panga aphunzire, ndipo mwanayo sanagwirepo mtsiro chibadwire. Ankapaka ngati akupaka batala pa buledi. Poyamba ndinapirira, koma atabwereza kachitatu ndinaiwala zonse. Ndinamugwira dzanja n'kunena kuti, "Iwe, dzanja lizungulire, lisathamange. Ukuthamangira kuti, khonde likuthawa?" Mawu anu enieni, Amayi, ndi kalankhulidwe kanu komwe. Anatuluka okha.

Kuchokera pamenepo sindinaonenso kamera, ngakhale nsungwi ya Anjelina imene inali pamwamba pa mutu wanga. Ndinazira mpaka pangodya. Nditadzutsa mutu ndinapeza anthu adzadza kumpanda, a Kilara ali kutsogolo atatsamira ndodo yawo, ndipo kanyali kofiira ka kamera kakuphethira kusonyeza kuti moto watha. Sonya anati tapulumuka ndi mphindi ziwiri. Shapa yomaliza tinaipeza ikunyamuka, ndipo Lolemba kamera inabwerera yathunthu m'thumba lake la bulangeti.

Masabata awiri otsatira Telma ankatsalira kushikola kulumikiza zidutswazo pa kompyuta. Ndikamufunsa ankangoti, "Mudzaona." Ine ndinaonda. Ndinkati mwina apulofesa akana poti nkhani si imene analembetsa, mwina anthu adzaseka zigongono zanga.

Lachisanu lapitali masana anatiitana makolo. Mazenera a holo anawatchinga ndi makapulana kuti mukhale mdima. Bambo a Telma anasinthana ntchito ndi mnzawo, n'kuvala malaya a ukwati aja amene sakumananso pamimba. Ine ndinakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, kuti zikavuta ndituluke. Anayamba ndi mafilime a ena, ina ya mpira, ina ya sitima ya malasha. Kenako nyumba yanu inaonekera pakhoma, yaikulu kuposa momwe ilili, udzu ndi ming'alu zonse poyera. Ndinaweramitsa mutu.

Nditadzutsa, panali manja. Khoma lonse manja okhaokha ndi nkhulungo, akuzungulira. Amayi, sanali anga. Anali anu, ndi chala chokhota chija. Pomwe ndinkakalipira Benvinda holo yonse inaseka, amayi ena mpaka kuomba m'manja, wina kutsogolo anati, "Muuzeni, mayi." Kenako kunakhala bata, ndipo ndinamva mawu a munthu akung'ung'udza. Sindinadziwe kuti ndinkalankhula, koma nsungwi ya Anjelina inatola zonse. Ndinkati, "Pepani Amayi, ndachedwa. Ndinkaopa. Sunthani pang'ono ndizire apa."

Ndinafuna kuthawa, koma mayi wina amene anakhala pambali panga, wosamudziwa, anandigwira pamkono mwamphamvu. Anati, "Ndinu, eti? Khalani. Yathunso ku Angonia ili chomwecho, chaka chachisanu ndi chimodzi chino." Sanandisiye mpaka filime inatha.

Pamapeto khoma linada, n'kutuluka zilembo zoyera. Zambiri zinali za Chipwitikizi ndipo zinathamanga, koma zinayi zinaima pakati zokha, ndipo ndinaziwerenga ndekha popanda wondithandiza: Roza. Dzina lanu, Amayi, pakhoma la shikola imene inu simunalowemo.

Telma wakhoza. Apulofesa anamufunsa pagulu kuti nzeru yosintha nkhani pakati inachokera kuti, iye anati, "Mayi anga anandionongera filime, ndiye ndinajambula kuonongako." Anthu anaseka, bambo ake anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kwa nthawi yoyamba chifuwa chawocho sindinachiwerengere. Tsopano akuti akufuna kukaphunzira ntchito imeneyi kutali, mwina ku Maputo. Ndayamba kale kuda nkhawa kuti akadya chiyani ndipo akagona pati. Musandiuze, ndikudziwa, ndipita ndikamwe madzi.

Nkhulungo yanu sindinabwere nayo kuno. Ndinaibwezera pamalo pake pansi pa malata, chifukwa ntchito yake ili komweko. Loko wa pachitseko anachita dzimbiri, ndipo m'kati sindinalowebe, zimenezo ndisakubisireni. Koma makiyi ndawatenga kwa Anjelina, ali pansonga ya kapulana yanga pamene ndikulemba pano. Mvula isanagwe ndibwera, popanda kamera, ndidzera njira ya kumpanda anthu akuona. Ndidzatsegula chitseko, ndidzazira ndi m'kati momwe, ndipo Telma adzagwada pambali panga kuti dzanja lake lizolowere kuzungulira.

Mupereke moni kwa Ababa. Muwauze kuti malata sakudontha.

Ndine mwana wanu wokukondani, wamantha uja,
Luzia